Nkhama zikumatuluka magazi ndikamatsuka mano, ndi chiseyeye chimenechi?

MayiWaAwiri:
Abale ndithandizeni maganizo. Patha miyezi ngati itatu tsopano, ndikangoti nditsuke mano basi thovu lonse lofiira, nkhama zatupa makamaka pa mano akunsi akutsogolowa, ndipo bambo akunyumba andiuza mwaulemu ndithu kuti mkamwa mukumveka kafungo olo nditangotsuka kumene. Kupweteka ayi sizikupweteka. Ndinayamba kumalambalala potuluka magazipo poganiza kuti ndikudzivulaza ndi mswachi koma ndikuona ngati zikungoipiraipira. Ndimwe ma antibiotic kapena nditani? Ndili ndi zaka 34 zokha, ndikuopa mano angayambe kugwedera.

Wa_ku_Dental:
Achemwali pepani, koma polambalalapo mpamene mwalakwitsa, ndipo ambiri amatero. Magaziwo sakubwera chifukwa cha mswachi ayi. Pamene dzino lakumana ndi nkhama pamamatirira zinthu zoterera zoyererako, ma dokotala amati plaque, zodzaza ndi mabakiteriya, ndiye nkhama zimatupa polimbana nazo nkumatuluka magazi zikangokhudzidwa pang'ono. Mukasiya kutsukapo zimachuluka kenako zimauma gwaa ngati kamwala, ndiye tartar imeneyo, ndipo ikafika apo olo mutsuke mwamphamvu bwanji siichoka, mpaka aipale ndi zida kuchipatala cha mano.

Ngati vuto lili pa nkhama pokha imeneyo ndi gingivitis, imatha bwinobwino. Chomwe timaopa ndi ikalowa pansi nkukhala periodontitis, nkhama zimalekana ndi dzino kupanga timatumba tosunga zoipa, fupa logwira dzino nkumadyeka pang'onopang'ono, ndipo fupa limenelo silibwerera lokha. Dokotala amayeza kuya kwa timatumbato ndi kachitsulo kakang'ono, nkhama zabwino kuya kwake ndi mamilimita 1 mpaka 3, zikafika 4 kupita mtsogolo ndiye kuti pali ntchito.

Yambani lero lomwe, mswachi wofewa, kawiri patsiku, mphindi 2, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, muziupendeketsa mswachiwo uzisesa mmphepete mwa nkhama modekha osati kukwecha ngati mukutsuka poto. Pakati pa mano muzidutsa ndi floss, kaulusi kochotsera zotsalira pakati pa mano, kamodzi patsiku. Masiku oyamba magazi atulukabe musaope, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amachepa kwambiri. Koma miyezi itatu kuphatikiza fungolo, pitani akakuoneni basi. Ma antibiotic okha sathandiza tartar ikadali pomwepo, musamwe mwa inu nokha chonde.

Bambo_Atatu:
Mayi mverani zomwe anenazo, ine ndine mboni. Ndinasuta fodya zaka zambiri ndipo nkhama zanga sizinkatuluka magazi kwenikweni ndiye ndinkaona ngati zonse zili bwino, osadziwa kuti fodya amabisa chizindikiro chimenecho. Ndinadzadzimuka mano akuoneka ngati atalika, mipata ikukula, tsiku lina ndikudina nkhama mafinya kutuluka. Pofika kwa dokotala awiri anali atagwedera kale, anazula. Otsalawo anandipala mpaka kunsi kumizu, anayamba andibaya jakisoni wa dzanzi ndiye sizinapweteke monga ndinkaganizira, kungoti mano ankachita nyenyenye ndikamwa zozizira kwa masiku angapo. Chimandiwawa mpaka pano nchakuti matendawa sanandipwetekepo nkamodzi komwe, ndinkadikira ululu kuti ndipite kuchipatala. Fodya ndinasiya ndipo ndimapitako akandipatsa tsiku, sindijomba.

NamwinoWausiku:
Ndiwonjezereko pang'ono achemwali. Kodi simuli oyembekezera? Pathupi pamapangitsa nkhama kutupa msanga chifukwa cha kusintha kwa mahomoni, ndipo kutsukitsa mano muli ndi pakati nkololedwa. Shuganso kayezetseni ngati simunayezetse posachedwa, matenda a shuga ndi chiseyeye amakokana, shuga akakwera nkhama zimavuta kupola, nkhama zikatupanso shuga amavuta kutsika. Komanso ngati magazi akutuluka okha osakhudza kapena mukuchita mikwingwirima yakuda pakhungu popanda chifukwa, imeneyo musachedwe nayo, akayeze magazi.

MayiWaAwiri:
Zikomo nonse, mtima wakhalako pansi. Woyembekezera ayi, shuga sindinayezetsepo. Koma ndimamwa mankhwala a BP, amlodipine, chaka chachiwiri chino. Zingakhudzane? Nanga zochukucha mkamwa zija zimathandiza?

Wa_ku_Dental:
Eya zitha kukhudzana, amlodipine ndi nifedipine kwa anthu ena amakulitsa nkhama makamaka mkamwa mukakhala plaque yambiri. Koma musasiye kumwa chonde, BP si yoseweretsa, kawauzeni a mano ndi dokotala yemwe amakulemberani, iwowo ndi amene angaone ngati nkofunika kusintha. Zochukuchazo, ija yotchedwa chlorhexidine imathandiza koma ya masiku ochepa, mukapitiriza nthawi yaitali imadetsa mano ndi lilime, ndipo siilowa mmalo mwa mswachi. Popita tengani mankhwala onse omwe mukumwa akawaone.