"Mutu ukakula sulewa nkhonya" amatanthauza chani kwenikweni?

Mayi wa ku Kent: Abale ndithandizeni, dzulo malume andidzudzula pa foni. Ndimawafotokozera zomwe mwana wanga akuphunzira kusukulu, za kuukira kwa 1381 kuno ku England. Mliri wa 1348 utapululutsa anthu, antchito anachepa, ndiye boma linaika lamulo mu 1351 loti malipiro asakwere, mu 1363 lina loti mlimi wosauka azivala nsalu yotchipa basi, kenako msonkho wa pamutu katatu m'zaka zinayi. Anthu a ku Kent ndi Essex anatopa nazo n'kulowa mu London, mtsogoleri wawo Wat Tyler anaphedwa ku Smithfield pa 15 June pamaso pa mfumu Richard II, kamnyamata ka zaka 14. Ine ndinati eya mutu ukakula sulewa nkhonya, anadzikuza. Malume akuti ayi iwe, mwambiwo sunena za matama.

Wa ku Dedza: Malume anu akunena zoona mayi. Agogo anga aakazi amaunena anthu akabwera ndi mlandu usiku, amadzuka, kumanga chitenje, kuyatsa koloboyi, ati wamkulu sathawa mavuto a ana ake.

Bambo a Mapasa: Ayi, ndi wa odzikuza. Paja olemba mbiri amati Tyler anapempha madzi n'kuchukucha m'kamwa pamaso pa mfumu? Wakula mutu ameneyo.

Wa ku Dedza: Achimwene, amene analemba zimenezo anali a mbali ya mfumu. Ngati pali mutu umene sunalewe nkhonya ndi wa Simon Sudbury, akibishopu wa Canterbury yemwenso anali chansela, nduna yaikulu ya mfumu, oukirawo anamukoka mu Tower, linga la mfumu ku London, pa 14 June n'kumudula mutu chifukwa cha msonkho womwewo. Udindo umenewo.

Bambo a Mapasa: Agogo anga ku Ntcheu amandiuza ine ndemwe ndikayamba mwano. Ndi matama basi.

Anaphiri: Kwathu tinaumva pamaliro, agogo akuuza atsibweni kuti ngongole za malemu ndi zawo. Zimandiwawa kuti ana a masiku ano ukawauza mwambi amangoti "bho bho", ngakhale mawu oti kulewa sakuwadziwa.

Mayi wa ku Kent: Wanga ndinamuuza, anagwira mutu wake n'kufunsa ngati ndi waukulu.

Bambo a Mapasa: Muwaimbirenso malumewo mayi, muwauze za madzi aja.