Kodi kusanthula mitundu ya bakiteriya wa GBS mwa amayi oyembekezera kumatithandiza chiyani?

Wophunzira uzamba, Dedza:
Moni akuluakulu nonse. M'kalasi tinaphunzira za bakiteriya wotchedwa Streptococcus agalactiae, amene ambiri amangomuti GBS, ndipo anatiuza kuti pafupifupi mayi woyembekezera mmodzi mwa asanu alionse amakhala naye m'matumbo kapena m'njira yoberekera, koma iye osamva kudwala kulikonse, ngakhale angathe kupatsira mwana wake pobereka. Chimene chikundivuta ndi chakuti ofufuza amataya ndalama zambiri posanthula DNA ya bakiteriyayu kuti adziwe mtundu wake, chonsecho mankhwala ake ndi amodzimodzi, penisilini. Kodi mayi wa ku Lobi kapena ku Mtakataka amapindulapo chiyani?

Wa mu labotale, Ntcheu:
Mwafunsa bwino achemwali. Kunena zoona, mayi amene wayamba kubereka lero sapindula mwachindunji, chifukwa mzamba sadikira kudziwa mtundu kuti apereke mankhwala. Phindu lili kwina.

Bakiteriyayu ali ndi chikuto cha shuga chimene chimamubisa ku chitetezo cha m'thupi, ndipo potengera chikutocho pali mitundu 10: Ia, Ib, kenako II mpaka IX. Kale ankaisiyanitsa pogwiritsa ntchito madzi a m'magazi okhala ndi chitetezo, koma masiku ano amayang'ana majini (tizigawo ta DNA) opanga chikutocho kudzera mu njira yoyezera DNA yotchedwa PCR. Pali njira inanso yotchedwa MLST, imene inakhazikitsidwa mu 2003, yowerenga majini 7 kuti aone mabanja a bakiteriyayu. Njira imeneyi ndi imene inaonetsa kuti banja la ST17, lomwe nthawi zambiri limavala chikuto cha mtundu III, ndi loopsa kwambiri kwa makanda, makamaka pobweretsa matenda oumitsa khosi. Choncho amayi awiri angapezeke ndi GBS onse, koma ngozi imene ana awo alimo osafanana. Kusanthulaku kumaonetsanso majini amene amachititsa kuti mankhwala ena, erythromycin ndi clindamycin, alephere kugwira ntchito, nkhani yofunika kwa amayi amene thupi lawo siliyanjana ndi penisilini.

Mzamba wopuma pantchito, Tsangano:
Zimene anena achimwenewo ndi zoona, koma mwanawe usaiwale malo amene udzagwirire ntchito. Ku America amayeza mayi aliyense mimba ikafika masabata 36 kapena 37, pomwe kwathu kuno kuyeza kotere sikuchitika pa sikelo. Chida chako ndi maso ndi mafunso. Funsa kuti nsupa inasweka nthawi yanji, chifukwa ikapitirira maola 18 mwana asanabadwe ngozi imakula. Gwira thupi la mayi ngati latentha, ndipo udziwe ngati masiku ake akwana. Mwana akabadwa, muyang'anitsitse pamene akuyamwa. Khanda limene laleka bere, likubuula popuma, lafooka ngati nsanza kapena liwombo latukuka, si la kuti tidikire kuche, ngakhale agogo ake atanena kuti ndi zachibadwa.

Wophunzira uzamba, Dedza:
Zikomo amayi, ndamva. Nanga ngati penisilini wa pobereka amateteza mwana, mitunduyo ikulowanso pati?

Wa mu labotale, Ntcheu:
Penisilini wa m'diripi, amene amafunika kuperekedwa maola osachepera 4 mwana asanabadwe, amateteza ku matenda oyamba m'masiku 6 oyambirira okha mwana atabadwa. Matenda amene amabwera kuyambira tsiku la 7 mpaka la 89 sawaletsa, komanso sathandiza mwana amene wafera m'mimba mayi asanayambe kubereka. Lipoti la mu 2021 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekezera kuti GBS amapha ana pafupifupi 150,000 chaka chilichonse, kuphatikizapo obadwa akufa. N'chifukwa chake chiyembekezo chili pa katemera wa amayi oyembekezera, ndipo katemera wambiri amene akuyesedwa amapangidwa kuchokera ku chikuto chija, kutanthauza kuti amateteza ku mitundu yokhayo imene yaikidwamo. Katemera wina wokhala ndi mitundu itatu, Ia, Ib ndi III, anayesedwa ku Blantyre ndi ku South Africa, ndipo zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti amayi amene ali ndi HIV anapanga chitetezo chocheperapo. Wa kampani ya Pfizer ali ndi mitundu 6, poti anawonjezera II, IV ndi V. Popanda kudziwa mitundu imene amayi a kuno ali nayo, Unduna wa Zaumoyo sungathe kuweruza ngati katemera wotere akutikwanira, kapena kuzindikira msanga ngati mitundu yotsalayo yayamba kuchuluka katemerayo akadzayamba kuperekedwa.