Zigamba zakuda pamwendo zija: zotsatira zatuluka

Mwezi watha mayi wina wa ku Chinamwali anafunsa za achimwene awo omwe ali ndi HIV ndipo anatuluka zigamba zakuda, zolimba, zosayabwa pamwendo. Atabudula kachikopa n'kukaunika ku Zomba Central Hospital, zapezeka kuti ndi khansa ya Kaposi sarcoma. Tsopano akudabwa kuti zigambazo zachuluka atangoyamba ma ARV.

Mayi, zimenezi zimachitika, makamaka miyezi itatu yoyambirira. Chitetezo cha m'thupi chikamadzuka chimalimbana ndi kachilombo ka HHV-8 koyambitsa khansayi, ndiye zotupa zimakula kaye. Ma ARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, koma abwerere kuchipatala sabata yomweyi, chifukwa mwina pakufunika mankhwala a khansa a m'diripi (chemotherapy) monga paclitaxel.

Mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone ogula okha ayi ndithu, amakulitsa nthendayi. Mphini nazo ayi, bala pamwendo wotupa silipola msanga.

Aunikeni m'kamwa ndi tochi, kumwamba ndi m'nkhama, muone ngati mulinso zigamba zoterezi. Akamatsokomola magazi kapena kubanika, musadikire tsiku lawo la sikelo: khansayi imalowa m'mapapo ndipo ambiri amayesa TB. Mwendo wotupawo azisanjika papilo pogona, ndipo akasamba aziumitsa bwino pakati pa zala.