Ndithandizeni nzeru za viza ya ulendo wautumiki ku Scotland

Abale ndi alongo mwa Ambuye ndithandizeniko chonde. Abusa athu aitanidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa Baibulo m'mipingo ingapo ku Glasgow ndi Edinburgh kwa masabata atatu, ndiye mpingo wasankha ine kuti ndiwaperekeze koma zamapepalazi zandizunguza mutu zedi. Ndawerenga kuti Standard Visitor visa, yomwe ndi viza ya alendo opita ku UK, imalola kukhala mpaka miyezi 6 ndipo kulalikira amalola, nanga akhristu akumeneko akatipatsa kangachepe ka sopo sizingatiike m'mavuto? Komanso kalata yotiitanayo alembemo zotani, nanga bank statement amafuna ya munthu payekha kapena ya mpingo? Amene munayendapo ulendo wotere tiuzeniko, mtima uli m'mwamba chifukwa masiku akutha ndipo matikiti sitinagule, tikuopa kutaya ndalama zomwe akhristu asonkha movutikira.