Kosi yokonzekeretsa psychology, ndi yothandizadi kapena ndikataya chaka?

Nachisale_22
Anzanga ndithandizeni maganizo. Sekondale ndinamaliza zaka zinayi zapitazo ndipo ndakhala ndili pa ntchito koma mtima wanga uli pa psychology kuyambira kale, makamaka za ana. Ndafunsira malo ku yunivesite ndiye andiuza kuti magiredi anga sakukwana, ndiyambe kaye kosi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa social science ndi psychology. Chikundiopsa ndi masamu, ndaonapo statistics pa mndandanda ndiye mtima wangoti phwii. Amene munadutsamo, mumaphunziramo chani kwenikweni?

mwana_wa_mayi
Asisi musaope, ine ndinadutsa momwemo. Ndinkaganiza kuti tikaphunzira kudziwa zimene munthu akuganiza pongomuyang'ana nkhope, koma tsiku loyamba aphunzitsi anati zimenezo tiiwale, anayamba ndi Wilhelm Wundt amene anatsegula labu yoyamba ya psychology ku Leipzig, ku Germany, mu 1879, kuti tione kuti phunziroli ndi la kuyeza zinthu osati kulosera. Chimene sindidzaiwala ndi kafukufuku wa katswiri wina dzina lake Milgram wa mu 1961 ku yunivesite ya Yale ku America. Anthu wamba ankauzidwa kuti azimupatsa mnzawo shoko ya magetsi akalakwa funso, magetsiwo anali abodza ndipo wokuwayo ankangochita sewero koma iwo samadziwa, ndiye anthu 26 mwa 40 anafika mpaka pa ma volts 450 chifukwa choti munthu wooneka waudindo wawauza kuti apitirize basi. Kalasi yonse inangoti zii, kenako tinakangana ola lathunthu ngati kunali koyenera kuwanamiza anthu aja chonchi, ndipo mpomwe tinaphunzira kuti masiku ano munthu amayenera kuvomera yekha asanalowe mu kafukufuku komanso ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse.

Za masamuzo si zija za x ndi y ayi. Ndi ma avereji, ma girafu, ndi kudziwa kuti zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sindiye kuti china chikuyambitsa chinzake. Mwachitsanzo mwapeza kuti ana ogona mochedwa sakhoza bwino mkalasi, mwina vuto si tulo koma mikangano ya mnyumba imene ikuwononga zonse ziwiri. Mukagwira mfundo imeneyi mwagwira pakulu, kuwerengetsa kwambiri imachita ndi kompyuta.

BamboAMwai
Ine chenjezo langa ndi limodzi mayi. Musanalipire kalikonse funsani kuti mukakhoza kosiyi malo a digiri ndi otsimikizika kapena mukapikisananso ndi ena, ndipo mufunika mamalikisi angati, komanso ngati mayunivesite ena amaivomereza. Akuyankheni polemba. Mdziwenso kuti digiri yoyamba payokha sikupangani kukhala psychologist woona odwala, m'maiko ambiri pamafunika maphunziro ena pamwamba pake ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyi, ndiye ulendowu ndi wautali ndithu, konzekani.

Chisomo_K
Zoona zimenezo bambo. Koma kwa ine chimene chinandilemera sanali masamu, kunali kulemba ma essay. Yoyamba inabwera yofiira yonse, paliponse alembapo kuti umboni uli kuti, wanena zimenezi ndani. Ndinalira ndithu. Anatiphunzitsa kutchula komwe tatenga mfundo m'njira ya APA (ndondomeko ya bungwe la akatswiri a psychology la ku America) komanso kuti kukopera mawu a wina osamutchula ndi mlandu waukulu, ndipo titafika chaka choyamba cha digiri anzathu olowa mwachindunji ndi amene ankatifunsa ife kuti zimenezi mumapanga bwanji. Poti mwati mumakonda za ana, mukakumana ndi Jean Piaget wa ku Switzerland, amene ankafufuza mmene ana amaganizira akamakula. Ine ndinayesa zake pa mwana wa achemwali anga wa zaka zinayi, ndinathira madzi ofanana m'matambula awiri iye akuona, kenako ena ndinawathira mu tambula yaitali yopyapyala, pompo anati yaitaliyo ili ndi ambiri. Mkulu wake wa zaka 8 anati ayi ndi omwe aja. Ndinamva tsitsi kuima, zimene ndinawerenga zija zikuchitika pamaso panga.

Nachisale_22
Zikomo nonse mwandilimbitsa mtima, mawa ndiwalembera imelo kufunsa za malowo monga mwanenera bambo. Za matambulazo ndiyesa madzulo ano ndi mwana wanga, ali ndi zaka zisanu. Achemwali a Chisomo, ma essay wo munkalemba angati pa temu, ndipo zingatheke munthu uli pa ntchito?