Carpet anemone yanga ikumafota masana, ndiisiye kapena ndiichotse?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munasungapo ma carpet, ndigawireniko nzeru.

Ndili ndi Stichodactyla haddoni yobiriwira (mtundu wa carpet anemone, nyama yofewa ya m'nyanja yooneka ngati duwa lotambalala), yangolowa kumene m'thanki ya malita 400. Thankiyo ndi yokhazikika, inapitirira chaka, makorali akukula bwinobwino. Mchere uli pa 1.025, kutentha 26°C, pH 8.2, ammonia ndi nitrite palibe, nitrate ili pansi pa 10. Mchenga ndi wosalala, wokuya masentimita 10, poti haddoni ndi ya mumchenga, imakumbira phazi lake mpaka kukagwira pansi penipeni. Phazilo inakwiriradi ndipo sinasunthepo.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi. M'mawa imakhala yofufuma bwino, m'mphepete mwake muli mapindimapindi. Nyali zikayaka kwa kanthawi imayamba kufota, kufota, mpaka kuphweratu, pakamwa pali yasa, zoyera za m'kati zikuonekera. Pofika madzulo yafufumanso. Kukacha, zomwezo. Ndikudziwa kuti anemone imatulutsa madzi a m'thupi mwake mwa apo ndi apo, koma tsiku ndi tsiku? Kumatanso kwachepa. Haddoni yathanzi imagwira chala ngati ulimbo, koma iyi kachidutswa ka shrimp kamangotsetsereka pamwamba pake mpaka nsomba n'kudzatola. Mtundu wokha sunasuluke, ndiye ndere za m'thupi mwake, zooxanthellae zija zimene zimaipangira chakudya pa kuwala, zikadalimo.

Maganizo ndamva awiri. Ena akuti ndi mabakiteriya omwe imatenga paulendo, ndiipititse m'thanki yapadera ndi kuipatsa ciprofloxacin, mankhwala opha mabakiteriya. Ena akuti ndisaigwire n'komwe, kufukulako kungang'ambe phazi. Ine mtima ukulozera kochotsa, chifukwa ikafera m'menemo imasungunuka msanga n'kuwonongeratu madzi. Kodi mumadziwira pati kuti nthawi yodikira yatha? Nanga ma clownfish (nsomba zokonda kukhala mu anemone) anga awiri a mtundu wa ocellaris, omwe ayamba kale kuiyendera, akuivutitsa?

Yankho: Achimwene, kufota kobwerezabwereza, pakamwa poyasama ndi kusiya kumata, zitatuzi zikakumana si zodikiranso ayi. Ichotseni ikadali ndi mphamvu. Valani magolovesi chifukwa imaluma, ena khungu limachita kutupa. Fukulani mchenga mozungulira, kenako matulani phazi kuyambira m'mphepete, pang'onopang'ono, osakoka. Mankhwalawo asalowe m'thanki yaikulu, angasokoneze mabakiteriya abwino a mu sefa. Anthu ambiri amachita masiku 7: madzi onse kusintha tsiku lililonse, mchere ndi kutentha zofanana ndi za m'thanki yaikulu, mankhwala kuthira nyali zitazima chifukwa kuwala kumawaononga. Pampu ndi heater muzitchinge. Chakudya iwalani kaye, mimba yodwala imangowoletsa.

Yankho: Ine ndingoonjezapo za nsomba. Anemone yofooka, ma clownfish amaitopetsa ndi kudzikhula kwawo kuja, ena mpaka kulowetsa mutu m'kamwa mwake. Komanso m'nyanja ocellaris amakhala mu mitundu ina ya anemone: Stichodactyla gigantea, Stichodactyla mertensii ndi Heteractis magnifica. Mnzake weniweni wa haddoni ndi clownfish wa mtundu wa Amphiprion polymnus, Amphiprion clarkii nayenso amalowamo. Ikachira mudzaone kumata kwake, haddoni imadya nsomba! Ma goby ndi mandarin, nsomba zoyenda pansi zonse, ndi zoyamba kusowa, makamaka usiku zikadzidzimuka mumdima. Kanyali kofooka ka usiku kamathandizako.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu, ndayamba kusakaniza madzi. M'thanki yapaderayo mulibe mchenga, ndiye phazi ligwira pagalasi pomwepo, kapena ndiiikire mbale yosalala kuti pobweza ndidzangonyamula ndi mbale yomwe?