Thandizeni: transpose ya sparse matrix yandikanika mu C

Akuluakulu ndi anzanga, ndakakamira pano. Ndikulemba pulogalamu mu C yosunga zomwe alimi a m'kagulu kathu kuno ku Chipata amagula: ma row 4,000 ndi alimi, ma column 300 ndi katundu monga feteleza, mbewu ya chimanga ndi ya nshawa. Mlimi mmodzi amagula zinthu zitatu kapena zinayi basi, ndiye malo ambiri ndi ziro zokhazokha (tebulo lotere ndi lomwe amati sparse matrix). N'chifukwa chake ndimangosunga manambala omwe si ziro, iliyonse ndi row ndi column yake, motsatana ndi ma row.

Vuto labwera pa transpose. Kusinthanitsa row ndi column n'kosavuta, koma ndondomeko imasokonekera. Poyamba ndinkayenda mndandanda wonse pa column iliyonse, kutanthauza maulendo 300. Zimagwira, koma ndi ntchito yobwerezabwereza.

Ndiye ndinayesa fast transpose: kuwerenga kuti column iliyonse ili ndi manambala angati, kupeza poyambira pa iliyonse, kenako kuyika nambala iliyonse pamalo pake ulendo umodzi. Koma manambala ena akufufutana, ena akusowa. Kodi poyambira paja ndiwonjezere 1 ndisanayike nambala kapena nditaiyika kale? Nanga column yopanda kanthu, monga katundu yemwe palibe anagula, ingasokoneze?

Funso lina: mu SciPy (library ya Python) transpose ya CSR (kasungidwe kotsata ma row) imangosanduka CSC (kasungidwe kotsata ma column). Kodi nanenso ndingomawerenga ma array anga ngati CSC, osasuntha chilichonse? Amene munakumanapo nazo, chonde ndiunikireni. Zikomo.